Fumbi Ndiwe Mwini, Nanga Bwalo Analambula Ndani?

Pagule fumbi ndiwe mwini. Akuluakulu amatero pouza mnyamata amene waima m'mphepete mwa bwalo, manja ali m'khwapa, kudikira kuti wina amukoke. Ng'oma ikhoza kulira mpaka tambala woyamba, amayi n'kuomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, koma ngati mwiniwe suponda pansi mwamphamvu, palibe amene angakudzutsire fumbi. Ulemu wa pabwalo sapemphetsa, ndiponso sabwereka kwa mnansi.

Wofuna kuuona ndi maso mwambiwu apite pa Chonde, mtunda waufupi kuchokera pa Luchenza, m'mwezi wa Okutobala pamene Alhomwe amasonkhana pa mwambo wa Mulhako. Nthawiyo nthaka imakhala itauma gwa, dzuwa likuswa mtengo. Ovina tchopa amalowa atabereka mitolo kumsana, ena zikopa za nyama, ena makasu akutha ndi ziwiya zakale, ndipo ng'oma zikangogwirizana fumbi limati koboo mpaka oonera akumbuyo kuyamba kutsokomola. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulemba mu 2014 m'kaundula wa miyambo ya anthu a dziko lonse lapansi. Ovinawo akamatuluka thukuta lili kamukamu, palibe angatsutse kuti fumbilo ndi lawo.

Komabe mwambi uliwonse uli ndi polekezera pake. Uwu umanena za wovina, n'kukhala chete za munthu amene analawira m'bandakucha ndi khasu ndi tsache. Bwalo silidzilambula. Wina anazula zitsa, natola minga ndi mabotolo osweka kuti wovina asalasidwe kuphazi. Wina anakoleza moto wa mapesi n'kuwamba ng'oma, namata phula pakati pa chikopa kuti mawu atuluke okhwima. Wina anapita kwa amfumu kukagwada, wina anatunga madzi. Zinthu zikafika pampondachimera, nthungululu zili ponseponse, amene amafupidwa ndi wovina. Wolambula uja amakhala ali kuseri, akuyang'ana ngati madzi a oimba ng'oma sanathe. Iyeyo sadandaula, chifukwa amadziwa kuti ntchito yake yayenda bwino pokhapokha ngati palibe amene waikumbukira.

M'ntchito ya mafilimu mulinso munthu wotere, ndipo kumayiko ena ali ndi ofesi, chidindo ndi malipiro a pamwezi. Amamutcha komishonala wa mafilimu. Sagwira kamera, sasewera, ndipo dzina la ofesi yake limadutsa kumapeto kwa filimu m'timalemba ting'onoting'ono, oonera atayamba kale kufunafuna nsapato. Koma wojambula akafuna kutseka msewu kwa theka la tsiku, ndi iyeyo amene amakagogoda kupolisi ndi kukhonsolo. Makamera akakanirira pachipata cha dziko chifukwa cha msonkho, ndi iyeyo amene amaimba lamya. M'kabati mwake muli kaundula wa akalipentala, atelala, amagetsi, madalaivala, amayi ophika ndi nyumba zogona alendo. Amadziwa phiri limene limaoneka bwino dzuwa likamatuluka, mlatho wakale umene ungaimire chaka chamakedzana, ndi mfumu imene sifuna kuti kumanda kwake kufike kamera. Amakokanakokana ndi akuluakulu a zachuma kuti boma lizibwezako gawo la ndalama zimene ojambula agwiritsa ntchito m'dzikomo, monga amachitira ku South Africa. Chachikulu koposa, amaonetsetsa kuti alendo akadzapakira katundu wawo, ana a pakhomo atsale ndi luso m'manja.

Ntchito imeneyi siinayambire mumzinda waukulu. Mu 1949 wojambula mafilimu John Ford anapita ndi gulu lake ku Moab, katawuni ka m'chigawo cha Utah ku America, kukajambula mafilimu a akauboyi pakati pa matanthwe ofiira. Mlimi wina wa ng'ombe, George White, anaona kuti alendowo akubwereka akavalo, akugona m'nyumba za anthu, akulemba aganyu. Anasonkhanitsa anzake n'kukhazikitsa komiti yoti iziitana ojambula ndi kuwasamalira. Komiti imeneyo ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo Moab wa nthawi imeneyo anali wamng'ono kuposa Luchenza wa lero. Kuno ku Africa, dziko la Kenya linakhazikitsa Kenya Film Commission mu 2005. Ku South Africa kuli National Film and Video Foundation ya dziko lonse, chigawo cha Gauteng chili ndi ofesi yakeyake, ndipo mzinda wa Durban nawo uli ndi yake.

Munthu wa mu ofesi yotere akakalamba pa ntchito amamukonzera phwando lotsazikana. Amaimirira mmodzimmodzi kunena zabwino zake: mafilimu amene anakopa, ndalama zimene zinalowa m'matumba a eni dera, mnyamata amene anayamba ndi kunyamula mawaya koma lero ali ndi kampani. Mphatso zimaperekedwa, zithunzi zimajambulidwa. Kenako, Lolemba lotsatira, wopumayo amapereka makiyi ndi mafaelo kwa womulowa m'malo. Ulemu weniweni uli pa makiyipo. Zolankhula za paphwando zimapita ndi mphepo, koma makiyi akusonyeza kuti zimene munthuyo anavutikira zaka zonsezo sizithera pa iye.

Tsono ife kuno tikati tikonze phwando lotere, tiitana ndani? Funsoli limakoma kulifunsa uli pa Luchenza, tawuni imene yakhala ikulandira ndi kutumiza katundu wa eni kuyambira kalekale. Njanji ya Shire Highlands inadutsa pano popita ku Blantyre, kumene inafika mu 1908, ndipo sitima ndiyo inalera tawuniyi. Mabokosi a tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ankakwezedwa pasiteshoni pano ulendo wa kudoko, kukamwedwa ndi anthu amene sanaonepo dengu lili kumsana kwa wothyola. Kanema naye anafika m'dziko muno ngati katundu wa mwini wake.

Pakati pa 1935 ndi 1937 azungu awiri, Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, anatsogolera ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ndipo lole yawo yonyamula makina oonetsera inazungulira Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1948 kunabadwa Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury, n'kumajambulira mayiko atatu a kuno. Mafilimu ake ambiri anali a phunziro: sunga ndalama ku positi ofesi, lima monga akuuzira alangizi, ukadwala pita kuchipatala. Kawirikawiri munkakhala anthu awiri, wochenjera amene amamvera boma n'kulemera, ndi wopusa amene amakakamira zakwawo n'kusauka. Agogo athu ankaonera, ankaseka pamene mwini filimu sanafune kuti aseke, n'kubwerera kunyumba ndi nyali zawo. Nkhope za pansalupo zinali zakuda ngati zawo, koma wosankha choti nkhopezo zichite anali wina.

Pamene makamera amenewa anali kalikiliki kuphunzitsa anthu kusunga makobidi, pa Luchenza pompano panachitika nkhani imene wolemba mafilimu aliyense angaigwire ndi manja awiri. Mu Ogasiti 1953, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangokakamizidwa pa anthu osachifuna, eni esiteti ya Mangunda anagwira anthu amene ankawaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera inathamanga m'midzi kuti ogwidwawo atengedwa ndi achifwamba, ndipo khamu linasonkhana. Malalanjewo anangokhala poyambira. Pansi pake panali mkwiyo wa zaka zambiri: thangata, kuchepa kwa malo olima pakati pa minda ya eni yosaoneka malire, ndi mantha a ulamuliro wa ku Salisbury. Anthu anagwetsera mitengo m'misewu, anadula mawaya a lamya, antchito anakana kupita kumunda. Chipwirikiti chinafalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo pomwe chimatha anthu 11 anali atafa. Mu nkhani imeneyi muli zonse: njala, mantha, bodza loyenda msanga kuposa choona, kapitawo wosadziwa koima, mayi wodikira mwamuna amene sanabwere. Ana a sukulu a pa Luchenza amadziwa dzina la Rambo, koma ndi angati amadziwa za Mangunda?

Ufulu utabwera mu 1964, kanema wa kumudzi anapitirira kuyenda pagalimoto ya boma. Galimoto za ofalitsa nkhani ndi za alangizi a zaulimi zinkafika pabwalo la sukulu madzulo, n'kukunga chinsalu choyera, jenereta n'kuyamba kulira. Anthu ankaonera za fetereza, za thonje, ndi za maulendo a Ngwazi. A m'tawuni ankapita ku Apollo mu Blantyre kukaonera za kunja. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments, ndipo bungwe lounika linapatsidwa mphamvu yodula kapena kuletsa filimu, buku, nyimbo ndi sewero. Wailesi ya kanema Kamuzu sanaifune; Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, iye atamwalira kale. Choncho kwa zaka zonsezo boma linali ndi ofesi yogwira lumo, koma linalibe ofesi yolera filimu. Wachinyamata wolota kamera ankadziwa khomo lokapempha chilolezo, osati khomo lokapempha thandizo.

Mpata umene boma linasiya anaudzaza ndi anyamata a vidiyo shoo. Pamsika uliwonse wa m'Thyolo, makamaka antchito a m'maesiteti akalandira, mumamva sipika ili panja ikulira zibakera ndi mfuti. M'kati muli mabenchi, mdima, fungo la chimanga chootcha, ndi ana amene apempha ndalama ya sopo n'kuipatutsa. Poyamba anali matepi, kenako madisiki, lero ndi fulashi ndi memori khadi zodzazidwa kwa obena. Anthu aonera za ku China, za ku India, za ku Nigeria. Ndipo poona kuti Chingerezi ndi Chitchaina zikusiya ambiri panja, anyamata ena aluso anayamba kuikamo mawu a Chichewa, kutchula msilikali wa ku America dzina la kumudzi, kumupatsa nthabwala za pa depoti. Ena amanyoza ntchito imeneyi, ndipo n'zoona kuti eni mafilimuwo salandirapo kanthu. Koma inaulula chinthu chimene ofesi iliyonse ikanalipira ndalama zambiri kuti ichidziwe: wothyola tiyi amene waima pasikelo tsiku lonse ali wokonzeka kutulutsa kangachepe kake kuti aonere nkhani, ndipo amaifuna m'chilankhulo chake.

Apa ndi pamene dzina la a Charles Shemu Joyah liyenera kutchulidwa ndi ulemu. Bambowa ntchito yawo ya sukulu ndi yoyeza malo, ndipo ndalama za thukuta limenelo ndi zimene anayambira nazo kujambula pansi pa kampani yawo ya FirstDawn Arts. Mu 2008 anatulutsa Seasons of a Life, nkhani ya mtsikana wantchito wa m'nyumba amene bwana wake anamupatsa pathupi, mwana n'kutengedwa ndi banjalo, iye n'kudzaphunzira zamalamulo kuti amenyere mwana wake kukhoti. Filimuyo inalandira mphotho ku Zanzibar International Film Festival mu 2009, ndipo mu 2010 Tapiwa Gwaza anapata mphotho ya Africa Movie Academy Awards chifukwa cha kasewero kake m'menemo. Mu 2012 kunabwera The Last Fishing Boat, ya msodzi wa kunyanja amene nsomba zikumuthera pamene alendo okaona malo akuchuluka. Nyimbo zake zinapambana ku Africa Movie Academy Awards mu 2013. Mu 2017 anatulutsa The Road to Sunrise, ya amayi awiri oyendayenda mu Blantyre, imene inapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018 ngati filimu yoposa zonse ya kummwera kwa Africa, n'kukhalanso filimu yoyamba imene Malawi inatumiza ku mpikisano wa Oscar. Mafilimu atatu m'zaka pafupifupi khumi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Wowerenga mndandanda wa mphothozi akhoza kuganiza kuti kumbuyo kwake kunali dongosolo. Kunalibe. Zaka zonsezo m'dziko muno munalibe ofesi ya komishonala wa mafilimu. Wojambula wa kuno amalemba yekha nkhani, yekha n'kukasaka ndalama, yekha n'kukagwada kwa amfumu ndi kupolisi. Amaphunzitsa wogwira maikolofoni m'mawa, masana n'kukatsutsana mtengo wa mafuta a jenereta, usiku n'kukhala pakompyuta kulumikiza zithunzi magetsi akalola. Filimu ikatha amasanduka wogulitsa matikiti, wolipira holo, wothamangitsana ndi okopera. Ndiye wovina, ndiye woimba ng'oma, ndiyenso wolambula bwalo. Ndipo bwalo limene walambulira gule wake amadzavinaponso ena: wosewera amene waphunzira kuima pamaso pa kamera, mnyamata amene waphunzira kuyatsa magetsi a pojambulira, wachinyamata wa ku sekondale amene waona koyamba msewu wa kwawo uli pansalu n'kunena mumtima kuti kani n'zotheka.

A Joyah sali okha. Mayi Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yawo ya Lilongwe. Gift Sukez Sukali anatulutsa Fatsani mu 2020, nkhani ya kamtsikana kogulitsa malonda mumsewu sukulu yake itatsekedwa, ndipo nayo inatumizidwa ku Oscar. Asanabwere onsewa, a zisudzo anali atakonza kale makutu a anthu: Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, a Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, Manganya ndi Tikuferanji. Ojambula anadzisonkhanitsanso okha m'bungwe la Film Association of Malawi kuti mawu awo amveke. Aliyense wa iwo, pambali pa luso lake, wagwirako ntchito ya ofesi imene kulibe, popanda chidindo ndiponso popanda malipiro.

Vuto lake lili apa. Munthu wopanda mpando sapuma pa ntchito, amangotopa. Komishonala wa ku Nairobi kapena ku Johannesburg akachoka, kaundula amatsala m'kabati. Wathu kaundula ali m'mutu mwake ndi m'foni mwake: nambala ya mfumu yomvetsa zinthu, dzina la kalipentala wodziwa kumanga khoma lonamizira, njira yotulutsira kamera pabwalo la ndege popanda kugona masiku. Tsiku limene mawondo adzakane, kapena ngongole idzamukwane, zonsezi zimapita naye. Wobwera pambuyo amayambiranso kuzula zitsa zomwe zija. N'chifukwa chake mbiri ya mafilimu a kuno imaoneka ngati ikuyamba mwatsopano zaka zingapo zilizonse, aliyense n'kumatchedwa woyamba. Kutchedwa woyamba kumakoma m'nyuzipepala, koma dziko limene aliyense ndi woyamba ndi dziko limene palibe amene analandira kanthu kwa mnzake.

Mwambi uja ukagwa m'kamwa molakwika umasanduka chothawirapo. Wojambula akapita kukapempha thandizo, wamkulu wa pampando amamuyankha mokoma kuti limbikirani, fumbi ndiwe mwini. Akabwera ndi chikho kuchokera ku Lagos, wamkulu yemweyo amakhala patsogolo pa chithunzi, n'kunena kuti mwaika dziko pa mapu. Koma makolo amene anapeka mwambiwu sankaunena kwa munthu amene alibe bwalo. Ankaunena pamudzi pamene ng'oma zilipo kale, oimba alipo kale, ndipo chotsala ndi phazi la wovina basi. Kuuza munthu kuti fumbi ndi lake, iwe utakhala pa khasu ndi tsache, n'kunamizira akuluakulu. Mbali ina ya mwambiwu ndi yoona ndithu ndipo imaluma ife tonse: nkhani ya Mangunda, ya thangata, ya agogo amene anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique atasenza mitolo, palibe wa kutali amene adzaimve kuwawa ngati mwana wa pano.

Alendo amabwera, ndipo si onse oipa. Chiwetel Ejiofor anabwera kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba, ndipo anaijambulira ku Kasungu komweko kumene inachitikira, m'malo mopita kudziko lina lokhala ndi zipangizo zokwanira. Anaphunzira Chichewa, ngakhale kuti eni chilankhulo anamwetulira pomva katchulidwe kake. Lily Banda ndi Amalawi ena anasewera nawo, ndipo mu 2019 filimuyo inafika pa Netflix, anthu a m'mayiko ambiri n'kumva Chichewa koyamba. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo ndi mamenso, sachedwa kukamuka. Funso la mwini mudzi ndi lakuti kalumoko katsala kapena kapita. Pamene pali wolambula bwalo wokhazikika, gulu lotere likamachoka limasiya mayina m'kaundula, achinyamata ophunzitsidwa, ndi mbiri yabwino yokopa gulu lina. Pamene palibe, zotsalazo zimadalira mwayi ndi mtima wa mlendoyo.

Nanga ulemu timapereka bwanji? Ife Amalawi timaudziwa bwino ulemu wa pamaliro. John Nyanga, Izeki uja, atamwalira mu 2016, dziko lonse linalira. Eric Mabedi, Jakobo mnzake, atatsatira mu 2021, zinalinso chimodzimodzi. Nkhata zimakhala mulu, olankhula amati mtengo waukulu wagwa, amalonjeza kuti ntchito za malemu sizidzaiwalika. Palibe cholakwika kulira. Koma mawu okoma onenedwa pambali pa bokosi mwini wake sawamva, ndipo sagula batire la kamera. A Joyah akhala akunena poyera za khumbo lawo lojambula filimu ya John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915 ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Thyolo. Nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama zathu, ndipo 15 Januwale aliyense timapuma pokumbukira iye. Filimu ya zovala zakale, mfuti zakale ndi khamu la anthu imafuna chuma chimene thumba la munthu mmodzi silingakwanitse. Wofuna kulemekeza mmisiri ali moyo ayambire pamenepo.

Ulemu wa wojambula uli patatu. Poyamba, ntchito yake ionedwe ndi anthu ake. Filimu imene yaomberedwa m'manja ku Zanzibar koma sinafike pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Thekerani ili ngati sinafike kwawo. Pitani kwa obena mukafunse za ku Nigeria, akupatsani zodzaza fulashi; funsani The Last Fishing Boat muone ngati sakuyang'anani kawiri. Kachiwiri, woonera alipire, ngakhale pang'ono, ndipo kangachepeko kafike kwa mwini. Lamulo la zokopera la 2016 linatsegula njira ya msonkho wa pa zipangizo zosungiramo nyimbo ndi mafilimu, umene bungwe la COSOMA limagawa kwa eni ntchito. Ndi chiyambi chabwino, koma sichilowa m'malo mwa tikiti. Kachitatu, ntchitoyo isungidwe. Filimu ya masiku ano imakhala pa hadi diraivi, ndipo hadi diraivi imafa mwakachetechete ngati mbewu yofumbwa m'nkhokwe. Ku Zomba kuli nyumba yosungira mbiri ya dziko. Filimu iliyonse ya Mmalawi iyenera kukhala ndi malo kumeneko, pamodzi ndi zolemba zake, kuti mdzukulu wofuna kuphunzira asadzamve kuti inalipo koma inatayika.

Zonsezi sizifuna kudikira Lilongwe. Luchenza ili ndi khonsolo yakeyake. Ili ndi siteshoni ya sitima yakale, msika, mitsinje, minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, ndi phiri la Mulanje limene limaima kum'mawa ngati lachita kuikidwa ndi wojambula. Esiteti ngati Satemwa, imene inayamba mu 1923, ili ndi nyumba zakale zimene gulu lojambula nkhani ya nthawi ya atsamunda likanavutika kumanga. Luchenza ilinso ndi achinyamata amene akujambula kale timasewero pafoni n'kumatumizirana pa WhatsApp ndi pa TikTok, ena mwa iwo oseketsa kuposa a pa wailesi ya kanema. Chosowa ndi munthu mmodzi ndi buku limodzi. Kalaliki wa pakhonsolo atapatsidwa ntchito yolemba mayina a onse odziwa kujambula, kusoka, kupala matabwa ndi kusewera. Atadziwa wokamuona ku esiteti ndi kwa mfumu. Atakonza kuti kamodzi pamwezi holo kapena kalasi ya sukulu izionetsa filimu ya Chimalawi pamtengo wa vidiyo shoo, mwini filimu n'kulandira gawo lake, ndiye kuti ofesi ija yabadwa, ngakhale pakhomo pake palibe chikwangwani. Eni vidiyo shoo asaonedwe ngati adani pa ntchitoyi. Ndi iwo amene ali ndi mabenchi, majenereta ndi oonera, ndipo amadziwa kuposa wina aliyense tsiku limene m'matumba mwa anthu muli kanthu.

Kalaliki ameneyo sadzatchuka. Adzakhala munthu wa njinga ndi faelo, wokumbutsa amfumu za Lachisanu, wopepesa kwa mayi amene nkhuku yake yathawa phokoso la jenereta. Koma akadzagwira ntchitoyo mpaka imvi, n'kupereka bukulo kwa wachinyamata amene wamuphunzitsa yekha, Luchenza idzakhala ndi munthu woyamba woyenera phwando lotsazikana la mtundu uja, ndipo tidzaphika thobwa lokwanira. Padakali pano a Joyah, mayi Chavula ndi anzawo ali moyo, ali ndi nkhani zina m'mitu mwawo, ndipo mawondo akadalimba. Tiwaitane adzaonetse ntchito zawo kuno kumunda wa tiyi, tiwafunse mafunso ana akumva, ndipo pakhomo tilipire tikiti tisanalowe.